Chimbale chimodzi, buku limodzi, mpira umodzi: za m'bokosi la atate

Wa ku Kapata:
Odi kuno abale. Sabata yatha tinali kumudzi ku Chadiza kukafolera nyumba ya malemu atate, poti mvula ya chaka chino inaboola denga. Pansi pa bedi tinapeza bokosi lawo la malata, lija ankati mwana akalikhudza dzanja lipuwala. Ine mtima dyokodyoko, kuyesa muli ndalama kapena makalata a munda. Kutsegula, muli makaseti 19, mabuku anayi, awiri chiswe chinalawako kale, ndi nyuzipepala ya mu Epulo 1993 yokulungidwa m'pulasitiki ngati kalata ya ubatizo. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka mlongo wanga kundikumbutsa kuti udzu ukudikira. Ndiye ndati ndifunse pagulu pano: inu atakupatsani bokosi lotere, n'kukuuzani kuti muikemo chimbale chimodzi, buku limodzi ndi mpira umodzi umene simudzauiwala, mungaikemo chiyani?

NaJere wa ku Mtenguleni:
Muyambe mwatiuza makasetiwo ndi a yani, tisanaulule zathu.

Wa ku Kapata:
Ambiri ndi a kwaya ndi a Lucky Dube. Mulinso P.K. Chishala, Alleluya Band, ndi Franco mmodzi. Ina ilibe dzina, anangolembapo ndi bolopeni kuti "osafufuta". Vuto n'lakuti ndilibe choimbira.

Mphunzitsi Wopuma:
Pepani za atate anu, mwanawe. Choimbira ndili nacho, chikugwirabe ntchito, koma chimafuna kuchinyengerera. Mubwere nayo kasetiyo Loweruka.

Za funso lanu, ndiyambe ndi chimbale. Ine ndingaikemo Day of Judgement cha Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, cha 1976. Achinyamata sadziwa kuti m'zaka zimenezo a Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za kuno kwathu. Lamulolo linatsegulira anyamata a magitala khomo. Mbale zambiri zinkadindidwa ku Ndola, ku kampani ya Teal. Paul Ngozi gitala ankaliza ngakhale ndi mano, ndipo likamalira linkamveka ngati macheka akudula mukwa wouma. Ankaimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja momwe, nkhani zake za m'makomboni, za njala, za anthu oipa mtima. Ine ndinamumva koyamba ndili ku sukulu yogonera, pa galamafoni ya mnzanga wina amene mkulu wake ankagwira ntchito ku migodi. Tinkaitsekera m'bulangete kuti aphunzitsi oyendera usiku asamve. Anamwalira mu 1989 akadali ndi mphamvu, zaka 40 zokha.

Chanda wa ku Kasama:
Aphunzitsi mwayamba bwino, koma mwalumpha mwini wake wa nyimbo. P.K. Chishala! Munthu wosaona, koma ankaona dziko kuposa ife a maso awiri. Common Man ija mpaka lero ukaiika m'basi aliyense amangoti zii, chifukwa mitengo ya unga imene ankadandaula ija sinatsikebe. Inu akum'mawa mumangoivina, mawu simuwamva.

Malume Tembo:
Taonani mbuya wathu wa Chibemba wafika. Iwe Chanda, ku Chipata kuno unabwera ndi kachikwama kamodzi, lero uli ndi mimba chifukwa cha nsima yathu, ndiye uzititukwana? Chishala timamumva bwino lomwe. Anyani aja munawamaliza kwanu, n'chifukwa chake munathawira kuno.

Chanda wa ku Kasama:
Ndinabwera kudzakuphunzitsani kuti mbewa si ndiwo, amalume.

NaJere wa ku Mtenguleni:
Chimbuya chanucho mukachitire ku maliro, kuno tikukamba za nyimbo. Ine changa ndi Kuimba 1 cha Evison Matafale. Kaseti yake ndinagula pa Mwami, kwa mnyamata wina amene ankayala malonda ake pansi pafupi ndi osintha ndalama. Nthawi imeneyo wailesi ya ku Malawi inkamveka bwino kwathu kuposa ya ku Lusaka, makamaka usiku, ndiye ife nyimbo za ku Balaka ndi ku Chileka tinkazidziwa zikangotuluka. Matafale mawu ake anali ngati a munthu amene akudziwa kuti masiku ake ndi ochepa. Anatulutsa zimbale ziwiri zokha, n'kumwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001. Abale ake a Black Missionaries anapitiriza kuwerenga, Kuimba 3, Kuimba 4, mpaka kutsogoloko, ndipo ndimawalemekeza, koma choyamba chija chili ndi kena kake. Kaseti yangayo wailesi inaitafuna kawiri. Ndinaidula ndi lezala, n'kulumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo. Mpaka lero nyimbo ija ndikaimva pa foni ndimadabwa pamalo pamene panali chilumikizo, chifukwa m'mutu mwanga mzere umenewo kulibe.

Mnyamata wa Njinga:
Amayi, zimenezo ndiye ukatswiri. Koma ndifunse mwaulemu, chimbale n'chofunika chiyani masiku ano? Ine pa memori khadi ndili ndi nyimbo zoposa 600, ndimasankha imene ndikufuna. Inu munkakakamizidwa kumvera zonse chifukwa kudumpha nyimbo kunkatha mabatire.

Malume Tembo:
Mabatire ankatha, inde. N'chifukwa chake tinkabweza tepi ndi bolopeni, kuizunguza m'mwamba ngati mwana akuseweretsa nguli. Akafooka mabatirewo tinkawayanika padenga, ena ankawaluma. Koma mphwanga, kukakamizidwa kumeneko ndiko kunatiphunzitsa kumvera. Tenga Prisoner cha Lucky Dube, cha 1989. Nyimbo imene inandikoka ndi ya mutu ija, koma zimene ndimaimba ndikamalima lero ndi za kuseri kwa kaseti, zimene poyamba ndinkangoti zidutse. Iwe pa khadi yakoyo nyimbo ikapanda kukugwira m'masekondi asanu waidumpha kale. Ukanakhala mkamwini ukanathawa ukwati tsiku la chinkhoswe.

Mnyamata wa Njinga:
Kkkk amalume mwandilasa. Koma 600 zija ndimazimvera ndithu, kukwera Kanjala ndi thumba la makala popanda nyimbo sikutheka.

Mphunzitsi Wopuma:
Mnyamatayu asanyozedwe, ali ndi mfundo. Zimbale zambiri za nthawi yathu zikanatayika pakanapanda makina omwewa. Lazy Bones cha gulu la WITCH, cha 1975, kuno chinasowa zaka zambiri, anthu anaphwanya mbale, ena anasandutsa zovundikira miphika. Anadzachidindanso ndi a ku America, ndipo woimba wa gululo, Jagari Chanda, amene anali atasiya kuimba n'kumakumba miyala ya mtengo wapatali, anayambanso kuyenda maiko ali nkhalamba. Mdzukulu wanga ndiye anandiimbira pa foni. Ndinachita manyazi pang'ono kuti chinthu cha kwathu chandipeza kudzera kutsidya kwa nyanja.

Chanda wa ku Kasama:
Mwamva dzinalo? Chanda. Sindiwonjezerapo.

Asisi a ku Katete:
Amuna inu mukamalankhula za nyimbo mumaiwala akazi. Angela Nyirenda bwanji? Pa ukwati uliwonse kuno kum'mawa akangomuika, azimayi amamanga chitenje m'chiuno osauzidwa. Koma ine ndabwerera buku. Langa ndi Nthondo la Samuel Nthara. Ndinalipeza m'kabati ya agogo lopanda chikuto, ndipo ndinkawawerengera madzulo chifukwa maso awo anali atayamba kuchita khungu. Bukuli ndi la 1933, linapambana mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa, ndipo m'busa wina, Cullen Young, analimasulira m'Chingerezi. Limatsata munthu kuyambira kubadwa, ubwana wake wa mwano ndi kuba, ulendo wokafuna ntchito kutali, mpaka kudzakhala mfumu. Chimene ndinalikondera si nkhaniyo kwenikweni, koma kuti agogo ankandiimitsa pafupifupi tsamba lililonse. "Apo walemba zoona." "Apo ayi, kwathu sitinkatero." Buku la masamba ochepa tinaliwerenga miyezi itatu.

Mphunzitsi Wopuma:
Nthondo ndi buku labwino, koma ndinene zimene ndakhala ndikuziganiza zaka zambiri. Kumapeto kwake kumanunkha mishoni. Munthu uja akadali wopulupudza amakhala wamoyo, umamuona, umamva fungo la thukuta lake. Akangotembenuka mtima amasanduka chitsanzo cha pa Sande sukulu. Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndiye n'zosadabwitsa. Ine pa za mwambo ndimatsamira kwa Gwengwe, Kukula ndi Mwambo. Chichewa chake chimayenda ngati madzi a mumfuleni.

Asisi a ku Katete:
Aphunzitsi, agogo anga mbali imene mukuikanayo ndi imene ankaikonda koposa, ankachita kupukuta misozi. Munthu wosautsa mudzi wonse n'kudzasintha, iwo ankati anawaonapo otere ndi maso awo. Mwina inu munaliwerenga ndi choko m'manja.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwina ndi choncho, mayi. Sinditsutsana ndi agogo.

Wa ku Kapata:
Limodzi mwa mabuku a m'bokosi muja ndi The Tongue of the Dumb la Dominic Mulaisho. Chiswe chadya kuyambira tsamba loyamba mpaka la 30. Alipo analiwerenga andiuze mmene likuyambira?

Malume Tembo:
Limenelo ndi lathu lenileni, nkhani yake ili kuchigwa, kwa Ansenga. Linatuluka mu 1971. Muli mwana wosalankhula, muli mfumu, ndiye muli Lubinda, munthu wa njiru wofuna mpando, amene tsoka lililonse likagwa m'mudzi amalisandutsa nkhani ya ufiti kuti agwetse anzake. Ine Lubinda ndakumana naye kangapo m'moyo, m'makomiti a feteleza ndi a kumpingo komwe. Wolembayo pambuyo pake anadzakhala mkulu wa Bank of Zambia, siginecha yake tinkayenda nayo m'matumba. Masamba 30 amenewo ndikufotokozerani tikakumana, pano ndingatope kutaipa.

Gogo wa ku Lundazi:
Ana inu, ine kulemba pa foni ndimachedwa, akundilembera ndi mdzukulu. Buku langa linalibe masamba. Linali Pocheza m'Madzulo, la Julius Chongo, pa wailesi. Mudzi wonse wailesi inali imodzi, ya a kapitawo a msewu. Ikakwana nthawi ankaitulutsa pabwalo n'kuikhazika pa mtondo wovundikira. Munthu mmodzi yekha, koma ankalankhula ngati nkhalamba, ngati mkazi wolongolola, ngati kalulu, ngati galimoto ikukana kulira. Ife ana tinkakangana kuti m'kabokosimo muli anthu angati. Mwana akalira amake ankathamanga naye kuseri kwa nkhokwe kuti asatisokoneze. Kutacha kudambo tikudyetsa ng'ombe tinkabwereza nthano yonse, aliyense ndi mbali yake. Ngati zimenezo sizikuloledwa m'bokosi lanulo, muikemo Buku Lopatulika basi.

NaJere wa ku Mtenguleni:
Zikuloledwa agogo, ndipo mwatiposa tonse.

Mnyamata wa Njinga:
Ine buku ndilibe, ndisaname. Tifike ku mpira, kumeneko ndiye ndilankhula.

Chanda wa ku Kasama:
Mpira palibe chokambirana. 12 Febuluwale 2012, Libreville, ndime yomaliza ya chikho cha Africa, Zambia ndi Ivory Coast. Tseka nkhani.

Malume Tembo:
Pamenepo mbuya wanena zoona kwa nthawi yoyamba chibadwire. Ine ndinaonera ku Down Shops, m'sitolo ya mnzanga, anthu odzaza mpaka pakhonde. Drogba atapatsidwa penate ija, ena anayamba kutuluka, ati tisaone maliro. Mpira uja n'kuuluka pamwamba pa golo ngati akuponyera mbalame. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti usiku umenewo si wa Ivory Coast. Mphindi 120 popanda chigoli. Pa mapenate asanu ndi awiri oyamba mbali zonse palibe anaphonya, mpaka goloboyi wathu Kennedy Mweene anamenya yake n'kugoletsa mofatsa ngati akuthira madzi m'kapu. Kolo Touré, Mweene wagwira. Tati tatha. Kalaba, amene tinkamudalira kuposa onse, wamenya kumwamba. Mayi wina pafupi nane anangokhala pansi n'kuvula nsapato. Gervinho nayenso waphonya. Ndiye Sunzu. 8 kwa 7. Zimene zinachitika mu Umodzi Highway usiku umenewo sindingazilembe, njinga zonse za m'Chipata muno zinali pamsewu, mabelu okhaokha mpaka mbandakucha.

Asisi a ku Katete:
Ine chimene chinandikhudza si mapenate. Ndi Renard, mphunzitsi wa timu yathu, ndi malaya ake oyera aja, kunyamula Joseph Musonda amene anavulala koyambirira, kumutengera kwa anzake kuti akasangalale nawo. Komanso kuti masiku angapo mpira usanachitike anyamata anapita kugombe kukaponya maluwa m'nyanja. Pamenepo ndinalira ngati wafa ndi wa kwathu.

Wa ku Kapata:
Nyuzipepala ya atate ija ndi ya zimenezo. Ili ndi zithunzi za onse.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndinadziwa mutangotchula mwezi ndi chaka. Usiku wa 27 Epulo 1993, ndege ya asilikali, Buffalo, yonyamula timu ya Zambia kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal, inagwera m'nyanja itangonyamuka pa Libreville. Anthu 30 anafa, mwa iwo osewera 18. Efford Chabala, Wisdom Chansa, Derby Makinka, Kelvin Mutale, ndi mphunzitsi wawo Godfrey Chitalu, Ucar mwini wake, wa zigoli 107 m'chaka cha 1972. Ndinali m'kalasi pamene mphunzitsi mnzanga anagogoda pawindo ndi wailesi m'manja. Sitinaphunzitsenso tsiku limenelo, ndipo palibe analamula kuti tisiye.

N'chifukwa chake ine mpira wa m'bokosi langa si wa 2012, ngakhale ndinavina nawo. Wanga ndi umene tinaluza: ndime yomaliza ya chikho cha Africa ya 1994 ku Tunis. Chaka chisanathe chiikireni anyamata aja ku Heroes' Acre, timu yongotoleratolera, Kalusha Bwalya akuitsogolera, n'kukafika pomaliza penipeni. Elijah Litana anagoletsa ndi mutu mpira utangoyamba. Amunike anabweza, n'kudzawonjezera chachiwiri. Nigeria 2, ife 1. Koma sindinaonepo anthu oluza akuyenda mutu uli m'mwamba ngati tsiku limenelo. Chikho cha 2012 chinaphikidwa pa moto umene unasonkhedwa mu 1994.

Chanda wa ku Kasama:
Aphunzitsi, ulemu wonse, koma bokosi ndi limodzi, ndiye muikemo kuluza? Ngati mukufuna zakale, bwanji Zambia 4, Italy 0, ku Olimpiki ya 1988 ku Korea? Kalusha zitatu yekha, chaka chomwecho n'kukhala katswiri wa Africa yense.

Mphunzitsi Wopuma:
Umenewo unali wokoma, koma unali wa chisangalalo chokha. Ndasankha kale, mbuya.

Gogo wa ku Lundazi:
Mdzukulu alembenso. Inu mukuti munaonera. Ife mpira tinkauona ndi makutu. Dennis Liwewe ankalengeza m'Chingerezi, ndipo pabwalo pathu odziwa Chingerezi anali awiri, koma panalibe wofuna womasulira. Mawu akayamba kuthamanga timadziwa kuti tili pafupi ndi golo, akasweka timadziwa kuti zachitika. Amuna anga sanapondepo mu Independence Stadium, koma ankakufotokozera mmene Chitalu amathamangira ngati anakulira naye nyumba imodzi. Ndipo Liwewe uja kwawo kunali ku Malawi, ndi mnansi wathu.

Mnyamata wa Njinga:
Tsopano mundilole. Nonse mukukamba za anthu amene ine sindinawaone, ndipo mukamakamba zimamveka ngati mpira unatha mu 2012. Wanga ndi wa timu yathu ya akazi, Copper Queens, ndi China ku Olimpiki ya Tokyo, 4 kwa 4. Masiku atatu m'mbuyo mwake Netherlands inatimwetsa 10 kwa 3, anthu pa siteji ya njinga ankaseka, ati akazi abwerere kukaphika. Koma zitatu zathuzo zonse anagoletsa Barbra Banda, ndipo ndi China anagoletsanso zitatu. Ku Olimpiki ya Paris mu 2024 anachitanso chimodzimodzi ndi Australia, ngakhale tinaluza 6 kwa 5 mpira tili nawo m'manja. Ndinaonera pa foni yosweka galasi, anthu asanu ndi mmodzi mitu pamodzi pansi pa mtengo, bando ikutha. Kodi pali kusiyana kotani ndi wailesi ya pa mtondo ya agogo? Mlongo wanga wamng'ono tsopano amasewera pa David Kaunda Stadium, ndipo atate amene ankamukalipira ndi amene anamugulira nsapato za mpira.

Asisi a ku Katete:
Apa mwana wanena. Ndipo asanabwere Barbra panali Esther Phiri, wogulitsa ndiwo zamasamba pamsika n'kukhala katswiri wa nkhonya. Azimayi a kumsika kwathu tsiku la nkhonya zake ankatseka malonda msanga.

Malume Tembo:
Ndavomera mphwanga, pa Barbra sindikutsutsa. Koma kumbuyo kwa timu ija kumafunika pemphero, zigoli 6 si zomwetsa munthu amene wagoletsa 5. Ndipo wina atchuleko wothamanga uja Samuel Matete, golide ku Tokyo mu 1991, siliva ku Atlanta mu 1996, kudumpha mipanda ngati mphoyo. Timamuiwala chifukwa sankamenya chikopa.

NaJere wa ku Mtenguleni:
Nanga nsolo si masewera? Amuna anga akakhala pa nsolo ngakhale nyumba ipse sadzuka.

Chanda wa ku Kasama:
Umenewo si mpira amayi, ndi matenda.

Wa ku Kapata:
Abale, ndabwerako kwa aphunzitsi. Choimbira chija chinayamba chakana, mpaka anachimenya kambama pambali. Taika kaseti ya "osafufuta". Poyamba phokoso lokhalokha ngati mvula pa malata. Kenako wailesi, mpira, ndipo aphunzitsi anangoimirira n'kunena kuti ndi wa ku Tunis. Atate anajambula poika choimbira pafupi ndi wailesi, ndiye zonse za m'nyumba zikumveka. Nkhuku, mbale, amayi akufunsa ngati adye kapena adikire. Kenako mawu a atate: "Iwe, khala chete, ndikutulutsa panja!" Amene akukalipiridwayo ndine, ndinali ndi zaka zisanu. Papita zaka 11 ndisanamve mawu awo. Litana atagoletsa kukumveka mpando kugwa, atate akukuwa, galu akuuwa panja. Ndiye pomwepo tepi yadumpha, kwalowa kwaya ya Chigwirizano mpaka kumapeto. Mbali yachiwiri ndi kwaya yomweyo.

NaJere wa ku Mtenguleni:
Mayo ine. Ndiye kuti zigoli za Nigeria anazifufuta okha?

Wa ku Kapata:
Zikuoneka choncho amayi. M'kaseti ya atate Zambia ikutsogola 1 kwa 0 mpaka lero.

Chanda wa ku Kasama:
Mdala ameneyo anali ndi magazi a Chibemba, sizingatheke mwina.

Mnyamata wa Njinga:
Akulu, musaiimbenso pa choimbira cha kambama chija, chidzaitafuna. Ndibwera mawa masana ndi chingwe tiisamutsire pa foni, mukatumizireko alongo anu ku Chadiza.

Mphunzitsi Wopuma:
Chingwe ubwere nacho, koma choimbira changa usachinyoze pagulu. Ubweretsenso mabatire anayi aakulu, magetsi kuno amapita 10 koloko.